Kugonja pa tchesi: mafunso ndi mayankho pa nthawi yoimitsa wotchi n'kupereka dzanja

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera kuchokera kwa osewera a muno mu Blantyre: ana a sukulu, makolo awo, ndi akuluakulu omwe amayala bolodi pakhonde madzulo ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Limbe. Tikatchula malamulo tikunena a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, omwenso amatsatidwa m'mipikisano ya Chess Association of Malawi, CHESSAM. Mapisi tawatchula monga timawatchulira pabolodi: mfumu, kwini, ruku, bishopu, hatchi ndi poni.

Kodi kugonja pa tchesi n'kutani kwenikweni?

N'kuuza amene mukusewera naye kuti gemu ndi yake, tchekimeti (kugwidwa kwa mfumu yopanda kothawira, komwe kumamaliza gemu) isanafike. Ambiri amangoti "ndarizaina". Mawuwo akangotuluka gemu yathera pomwepo: iye watenga pointi imodzi, inu 0, chimodzimodzi ngati wakupatsani tchekimeti. Pakati pa akatswiri magemu ambiri okhala ndi wopambana amatha motere, chifukwa onse awiri amakhala ataona kale komwe zinthu zikulowera. Vuto n'loti ongoyamba kumene amatengera khalidweli asanayambe kuona zomwe akatswiriwo amaona.

Kodi pali lamulo londikakamiza kugonja zinthu zikaipa?

Palibe. Ngakhale mutatsala ndi mfumu yokhayokha mnzanu ali ndi makwini awiri, muli ndi ufulu wosewera mpaka tchekimeti. Arbiter, yemwe ndi woweruza wa mpikisano, sangakulamuleni kugonja. Oonerera saloledwa n'komwe kuyankhulapo pa gemu yomwe ili mkati. Mnzanuyo naye akayamba kugogoda tebulo kapena kunena kuti "achimwene, zathatu izi", akuphwanya lamulo loletsa kusokoneza wosewera naye, ndipo mutha kuimitsa wotchi n'kuitana arbiter. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pakhonde zimasiyanako, poti pamakhala anthu atatu kapena anayi odikira bolodi lomwelo ndipo woluza ndiye amadzuka. Pamenepo si za lamulo ayi, ndi za kukhala bwino ndi anzanu. Kukoka gemu yakufa kwa theka la ola dzuwa likulowa, mawa sakuitanani.

Nanga ndigonje liti?

Ambiri amadzifunsa kuti "kodi ndikuluza?" Funso limeneli silithandiza kwenikweni, chifukwa munthu amatha kukhala akuluza kwa mamuvu 30 n'kudzapulumuka pa muvu ya 31. Lothandiza ndi ili: chatsala n'chiyani choti mnzangayu angalakwitse?

Yambani ndi njira yake yopambanira. Kodi mungainene muvu ndi muvu? Kungoti "ali ndi mapisi ambiri" sikukwana. Muzitha kunena kuti "poni yake ya pa a4 ikalowa kwini m'mamuvu anayi, mfumu yanga siyiipeza, kenako ndi kwini ndi mfumu kulimbana ndi mfumu yanga yokha". (Bokosi lililonse la pabolodi lili ndi dzina, chilembo kuyambira a mpaka h ndi nambala kuyambira 1 mpaka 8, monga a4.) Ngati njirayo inu simukuiona, musapereke pointi pongoganiza kuti iye akuiona.

Kenako onani ngati mwatsala ndi choopsezera. Mwina kwini wanu akadalipo ndipo mfumu yake ilibe maponi oitchinga. Mwina muli ndi poni yomwe yadutsa maponi ake onse ndipo yafika patali. Mwina hatchi yanu ikuzungulira pafupi ndi mfumu ndi ruku yake, kudikira foko, komwe ndi kuopseza mapisi awiri nthawi imodzi. Chilichonse mwa izi chimamukakamiza kuganiza, ndipo woganiza amatha kuphonya. Pozishoni yoyenera kugonja ndi ija yoti mnzanu atha kusewera muvu iliyonse mwa zitatu kapena zinayi n'kupambanabe.

Chomaliza ndi munthuyo ndi wotchi yake. Pozishoni imodzimodziyo ndi yakufa mukakhala ndi wosewera wodziwa yemwe watsala ndi mphindi 40, koma ndi yamoyo mukakhala ndi wongoyamba kumene yemwe watsala ndi masekondi 50.

Zitatu zonsezi zikakutsutsani, gonjani ndipo musachedwe. Chimodzi chokha chikakhala kumbali yanu, sewerani.

Kodi kuwerenga mapointi a mapisi kungandiuze nthawi yogonja?

Kumathandiza pang'ono. Kawerengedwe kodziwika ndi aka: poni 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9. Koma nambala yokha sinena zonse. Kuchepekedwa hatchi makwini ndi maruku onse adakali pabolodi si chimodzimodzi ndi kuchepekedwa hatchi mutatsala ndi mfumu ndi maponi okha. Bolodi likamayera, kusiyanako kumakula.

Apa pali lamulo la m'manja lomwe ambiri amalisemphanitsa. Amene ali patsogolo amafuna kusinthana mapisi; amene ali kumbuyo azisinthana maponi, mapisi awasunge. Chifukwa chake n'choti mfumu ndi bishopu mmodzi, kapena mfumu ndi hatchi imodzi, sizingapereke tchekimeti kwa mfumu yokha. Mukamaliza maponi ake onse, pisi yake yowonjezerayo yasanduka chokongoletsa.

Maganizo athu ndi awa. Pakati pa osewera opanda rating (nambala yoyezera mphamvu ya wosewera) kapena a rating yosafika 1600, kutaya hatchi kapena bishopu si chifukwa chogonjera, ndipo ngakhale ruku sikwanira ngati makwini alipo. Pakati pa osewera opitirira 2000, pisi yathunthu yotayika popanda chobwezera nthawi zambiri imakwana, makamaka pa gemu yaitali.

Ndataya kwini pa muvu ya 10. Ndipitirize?

Ngati mukusewera ndi wa msinkhu wanu pa tchesi ndipo nonse ndinu ongoyamba, pitirizani. Amene wadya kwini wanu lero ndi yemweyo amene anasiya wake dzulo. Tulutsani mapisi onse, bisani mfumu, musasinthane china chilichonse, ndipo lozani zonse ku mfumu yake. Dzipatseni mamuvu 10 kapena 15. Akayamba kusinthana mapisi mwadongosolo osakupatsani mpata, mwadziwa kuti mwakumana ndi wodziwa ntchito yake, ndipo mutha kubwerera ku mafunso atatu aja a pamwambapa.

Chomwe muyenera kupewa ndi kugonja pa mphindi yomweyo mwalakwitsa. Nthawi imeneyo mtima umakhala ukuwawa, manyazi akugwirani, ndipo bolodi limaoneka loipa kuposa momwe lilili.

Aphunzitsi athu amati mwana asamagonje konse. Kodi n'zoona?

Kwa mwana kapena wamkulu amene ali m'chaka chake choyamba kapena chachiwiri, aphunzitsiwo akunena zoona. Anzake omwe akusewera nawo sanaphunzire kumaliza gemu. Kupereka tchekimeti ndi kwini ndi mfumu kumatheka m'mamuvu osapitirira 10 ukasewera bwino, ndi ruku ndi mfumu osapitirira 16, koma m'mipikisano ya sukulu mumaona mwana akuthamangitsa mfumu ndi matcheki (kuopseza mfumu) bolodi lonse osaigwira, mpaka aipanikiza pakona n'kupanga stalemate (mfumu siili pa tcheki koma palibe muvu yololedwa, ndipo gemu imatha droo). Komanso mwana amene akuona momwe akumalizidwira akuphunzira momwe adzamalizire ena. Akagonja msanga, phunzirolo laphonyeka.

Malangizowa asinthe mwana akafika poti iye mwini amatha kumaliza pozishoni ngati imeneyo osaphonya. Muyeso wake ndi wosavuta: mutembenuzireni bolodi, atenge mbali yopambanayo, asewere ndi aphunzitsi. Akaipambana katatu motsatizana, wafika pomvetsa chifukwa chogonjera pozishoni yoteroyo.

Kwa makolo: musamufunse mwana potuluka kuti "bwanji sunagonje msanga" kapena "bwanji wagonja". Mufunseni kuti amaona chiyani pa muvu yomaliza. Yankho lake ndilo likuuzeni ngati anagonja ndi maso kapena ndi mantha.

Kodi si mwano kupitiriza gemu yotayika ndi munthu wamkulu kapena katswiri?

Funsoli limabwera kwambiri kuchokera kwa achinyamata, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sumutayitsa nthawi. Ena amafika pogonja kwa madala pozishoni ikadali ndi moyo, ati kupereka ulemu. Ulemu wa pabolodi suli pamenepo. Kusewera mwachangu, mwakachetechete ndi mwamphamvu mpaka chiyembekezo chitatha sikunyoza munthu. Mu 1956 ku New York, Donald Byrne anasewera mpaka tchekimeti pa muvu ya 41 ndi Bobby Fischer, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 13, ndipo gemuyo imaphunzitsidwa mpaka lero yathunthu ndi mathero ake.

Mwano weniweni ndi wina. Ndi kukhala mphindi 20 osasuntha pa pozishoni yomwe mukudziwa kuti yatha, kudikira kuti wotchi yanu ithe. Ndi kudzuka n'kuchoka osanena kanthu, mnzanu n'kumadikira nthawi yanu itsike. Ndi kumenyetsa mapisi, kapena kupempha droo muvu iliyonse. Amene wasankha kusewerabe asewere. Amene wasiya kufuna mamuvu abwino ndiye kuti wagonja kale mumtima, angonena.

Ndi mapozishoni ati omwe amaoneka otayika koma ali droo?

Apa ndi pomwe mapointi ambiri amatayikira pachabe, choncho tikhalitsapo.

Bishopu wolakwika ndi poni ya m'mphepete. Tinene kuti oyera ali ndi mfumu, bishopu ndi poni ya pa mzere wa h, inu akuda muli ndi mfumu yokha. Poniyo ikalowera pa h8, bokosi lakuda. Ngati bishopu wake amayenda m'mabokosi oyera, thamangitsirani mfumu yanu pa h8 n'kumangosuntha pakonapo. Sangakuchotsenipo. Ndi droo, ngakhale ali patsogolo ndi mapointi anayi.

Kwini kulimbana ndi poni yotsala bokosi limodzi kuti ilowe. Poni yanu ikakhala pa mzere wa b, d, e kapena g, kwini amapambana. Koma ikakhala pa a, c, f kapena h, mfumu yanu ili pambali pake ndipo mfumu yake ili kutali, ndi droo. Mwachitsanzo poni pa f2, mfumu yanu pa g1, kwini akupatsani tcheki pa g3: musabisale pa f1, pitani pa h1. Akadya poniyo ndi stalemate.

Mfumu ndi poni kulimbana ndi mfumu. Mfumu yanu ikafika kutsogolo kwa poniyo n'kuyang'anizana bwino ndi mfumu yake, nthawi zambiri ndi droo. Pobwerera m'mbuyo muzibwerera molunjika pa mzere wa poniyo, osati mopingasa. Ikakhala poni ya pa a kapena h, kungofika pakona basi kwakwana. Ngati poni ikuthamanga yokha, werengani mabokosi omwe yatsala nawo n'kujambula m'maganizo bwalo la mbali zinayi zofanana: kwa poni ya pa a4, ngodya zake ndi a4, a8, e8 ndi e4. Mfumu yanu ikatha kulowa m'bwalomo pa muvu yanu, muigwira.

Ruku ndi poni kulimbana ndi ruku. Njira yodzitetezera imatchedwa ndi dzina la Philidor, katswiri wa tchesi wakale. Mfumu yanu ikhale pa bokosi lomwe poni ikufuna kulowera, ruku yanu pa mzere wachitatu kuchokera kumbali yanu kuti mfumu yake isadutse. Poni ikangoponda mzerewo, tsitsani ruku mpaka kumapeto kwa bolodi n'kuyamba matcheki kuchokera kumbuyo. Mfumu yake ilibenso pobisala.

Mabishopu oyenda m'mabokosi osiyana mtundu, popanda mapisi ena, amapulumutsa anthu ochepekedwa poni imodzi, kawirikawiri ngakhale ziwiri. Mahatchi awiri sangakakamize tchekimeti kwa mfumu yokha. Ruku ndi bishopu kulimbana ndi ruku kawirikawiri ndi droo, ngakhale kuteteza kwake n'kotopetsa.

Ndiye pali bishopu ndi hatchi kulimbana ndi mfumu yokha. Iyi ndi yopambanika, koma pozishoni ikavuta imafuna mamuvu ofika 33 osewera mosaphonya, pomwe lamulo limapereka 50. Ngakhale osewera a maudindo akuluakulu analepherapo pa mpikisano. Iyi musagonje kwa wina aliyense. Muuzeni ndi mamuvu anu kuti aonetse.

Kodi stalemate ndi matcheki osatha ndingazifune dala?

Eya, ndipo ndiyo ntchito yanu yaikulu mukakhala kumbuyo. Stalemate imachitika pomwe ndi nthawi yanu yosuntha, mfumu yanu siili pa tcheki, koma mulibe muvu yololedwa. Mfumu yanu ikakhala pa h8 ndipo kwini wake waima pa f7 kapena pa g6, inu mulibe china chosuntha, gemu yatha droo. Choncho onani maponi anu: ngati onse atsekeka ndipo mfumu yanu ilibe kopita, pisi yomwe yatsalayo iperekeni mwa tcheki kuti aidye mokakamizidwa. Larry Evans anachita zimenezi kwa Samuel Reshevsky pa mpikisano wa dziko la America mu 1963. Anali wochepekedwa hatchi ndipo tchekimeti inali pafupi. Anapereka kwini, kenako ruku yake inayamba matcheki, yoti ikadyedwa ndi stalemate, ikasiyidwa matcheki sakutha. Wopambana amagwa mumsampha wotere chifukwa cha dyera lofuna kudya chilichonse chomwe chili pabolodi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Matcheki osatha amadalira lamulo la kubwereza. Pozishoni imodzimodzi ikaoneka katatu, wosuntha ali yemweyo, mutha kupempha droo kwa arbiter. Ikaoneka kasanu, gemu imatha yokha. Chimodzimodzi mamuvu 50 a mbali iliyonse popanda kudya pisi kapena kusuntha poni amakupatsani ufulu wopempha, ndipo pa 75 arbiter amaimaliza. Pa gemu yaitali pempho lotere limadalira pepala lolembapo mamuvu, ndiye musasiye kulemba chifukwa choti mwakhumudwa.

Nanga wotchi imasintha bwanji nkhaniyi?

Imasintha kwambiri. Malinga ndi FIDE, blitz ndi gemu ya mphindi 10 kapena kucheperapo kwa aliyense, rapid ndi yopitirira 10 koma yosafika 60, ndipo powerenga amaphatikizapo masekondi owonjezera (omwe wotchi imabweza pa muvu iliyonse) a mamuvu 60. Nthawi ya mnzanu ikatha waluza, pokhapokha ngati inu simungathe kumupatsa tchekimeti mwa njira iliyonse yololedwa; zikatero ndi droo. Tanthauzo lake ndi loti mukatsala ndi mfumu yokha, chomwe mungapeze pa wotchi ndi theka la pointi, koma mukasunga poni imodzi mutha kutenga pointi yonse. Mnzanu akatsala ndi masekondi ochepa, poni yanu yomaliza musaitaye.

Funso lofunika ndi loti pali masekondi owonjezera kapena ayi. Pa gemu yoti muvu iliyonse imabweza masekondi 30, munthu wa kwini wowonjezera sangathe nthawi, ndipo kudikira wotchi yake n'kudzinamiza. Ngakhale masekondi awiri amakwana kwa wodziwa. Pa blitz yopanda zowonjezera, kusewera mpaka nthawi ithe ndi mbali ya masewerawo ndipo palibe amene ayenera kukwiya nazo.

Kodi akatswiri nawo anagonjapo molakwika?

Anatero. Chitsanzo chotchuka ndi cha ku Monte Carlo mu 1902. Georg Marco, ali ndi akuda, anaona kuti bishopu wake wa pa d4 watsekeredwa ndipo adyedwa, n'kugonja kwa Ignatz von Popiel. Koma anali ndi muvu yopambana: bishopu kupita pa g1, kuopseza tchekimeti pa h2 kwinaku akutsegulira ruku yake njira yodyera kwini wa oyera. Mu 1997 ku New York, Garry Kasparov anagonja gemu yachiwiri kwa kompyuta ya Deep Blue, ndipo pambuyo pake openda anaonetsa muvu ya kwini yomwe ikanamupatsa mwayi wofuna droo ndi matcheki. Onse awiri anali atakhulupirira kale kuti zatha, n'chifukwa chake sanafufuze.

Ndichite chiyani ndisanatambasule dzanja?

Ngati nthawi ilipo, tengani mphindi ziwiri kapena zitatu. Manja akhale pansi pa tebulo. Yang'anani tcheki iliyonse yomwe muli nayo, ngakhale yooneka yopusa. Kenako chilichonse chomwe mungadye. Kenako muvu iliyonse yoopseza tchekimeti kapena kwini wake. Pisi yomwe mukuti yatsekeredwa ifunseni ngati ingachoke ndi chiopsezo chachikulu kuposa chomwe mutaye, monga zinalili kwa Marco. Werengani mamuvu omwe mfumu ndi maponi anu atsala nawo, mwina stalemate ili pafupi. Pomaliza yang'anani wotchi zonse ziwiri.

Musagonje ikadali nthawi ya mnzanu yosuntha, pokhapokha ngati muvu yopambanayo ndi yoonekeratu kwa aliyense. Mwina inu mwaona foko, iye sanaione. Dikirani aisewere. Nkhope nayo isakuperekeni: kugwira mutu ndi kupukusa kumamuuza kuti pali chinachake choti afufuze.

Kodi kugonja koyenera kumachitika bwanji pa mpikisano?

Nenani momveka kuti "ndagonja", imitsani wotchi, perekani dzanja. Kugoneka mfumu ndi mwambo womwe ambiri amaumva, koma mawu ndiwo amachotsa mkangano. Dzanja lokha lopanda mawu ndi loopsa: wina amaganiza kuti mwavomera droo yomwe anapempha mamuvu atatu apitawo, wina amaganiza kuti mwagonja, ndipo mukafika kwa arbiter aliyense ali ndi nkhani yake. Mfumu ikagwa mwangozi ndi mkono wa malaya, sikugonja. Ingoidzutsani pa nthawi yanu.

Lembani zotsatira pa pepala: 1-0 akapambana oyera, 0-1 akapambana akuda. Werengani musanasaine, chifukwa zomwe mwasainira nonse awiri zimakhala zomwezo ngakhale zitalakwika, kupatula arbiter ataweruza mwina. Bwezerani mapisi m'malo mwake. Ngati mukufuna kuunika gemuyo ndi mnzanuyo, tulukani m'chipinda chosewerera, ena akadali mkati mwa magemu awo.

Ndagonja, kenako ndaona kuti ndinali ndi muvu yopulumukira. Ndingabweze mawu?

Ayi. Gemu inatha pomwe munanena. Pali mpata umodzi wokha, womwe unalowa m'malamulo a FIDE oyamba kugwira ntchito mu 2023: mukagonja pomwe mnzanu sangathe kukupatsani tchekimeti mwa njira iliyonse yololedwa, mwachitsanzo iye ali ndi mfumu yokha, zotsatira ndi droo. Komanso ngati gemu inali itatha kale ndi stalemate musanalankhule, kugonjako kulibe ntchito. Zikatero itanani arbiter musanasaine ndi musanasokoneze mapisi.

Kodi kugonja msanga kumateteza rating yanga?

Sikuteteza. Rating imawerenga zotsatira, siwerenga mamuvu. Kuluza pa muvu ya 15 ndi pa muvu ya 90 kumachotsa mapointi ofanana. Mukaluza kwa wa rating yofanana ndi yanu mumataya 10 ngati K yanu (nambala yosonyeza kukula kwa momwe rating yanu imasinthira) ndi 20, kapena 20 ngati K yanu ndi 40, monga zimakhalira kwa ongolowa kumene pa mndandanda wa FIDE. Droo ndi munthu yemweyo siyichotsa kanthu. Kusiyana kumeneku ndiko mukumenyera mukamateteza.

Chomwe kugonja pa nthawi yake kumateteza ndi mphamvu zanu. Gemu ya mphindi 90 ndi masekondi 30 owonjezera imatha kudya maola anayi. Ngati masana kuli raundi ina, ola lomwe mwathera pa pozishoni yopanda chiyembekezo ndi ola la nsima ndi kupuma. Wina amakhalanso akuwerengera minibasi ya ku Bangwe kapena ku Machinjiri kusanade. Zimenezi ndi zifukwa zomveka zosakokera gemu yakufa, koma si zifukwa zotayira gemu yamoyo.

Nanga ndikusewerera timu ya sukulu kapena kalabu?

Pointi si yanu nokha, choncho muyezo wogonjera ukwere. Pa mabolodi anayi, theka la pointi limatha kusandutsa kulepherana kwa 2-2 kukhala kupambana. Komanso gemu yanu ikadali mkati, anzanu sapanikizika ngati momwe amachitira akaona 0 yalembedwa kale. Musafunse mnzanu wa bolodi loyandikana kapena aphunzitsi kuti "ndigonje?", ngakhale ndi maso, kulandira malangizo gemu ili mkati n'koletsedwa. Zomwe kaputeni wa timu angakuuzeni zimadalira malamulo a mpikisanowo, ndiye mufunseni arbiter raundi yoyamba isanayambe.

M'malo mogonja, bwanji ndingopempha droo?

Kupempha kamodzi n'kololedwa, ngati malamulo a mpikisano sanaletse: sewerani muvu yanu, pemphani, kenako dinani wotchi. Koma kupempha droo mutachepekedwa ruku popanda chobwezera kumaoneka ngati chipongwe, ndipo kubwereza pempholo kungakupezetseni chilango. Pemphani pomwe muli ndi chifukwa chomwe mnzanu naye angachione, monga nthawi yake yochepa kapena imodzi mwa mapozishoni a droo tafotokoza aja.

Pa masamba a intaneti a Lichess ndi Chess.com zimakhala bwanji?

Mfundo zake n'zomwezo, kungoti kugonja ndi kudina kambendera. Dinani kameneko. Kutseka foni n'kusiya nthawi itsike kumasunga mnzanu pachabe, ndipo mukazolowera masambawa amakuchenjezani kapena kukuimitsani kusewera kwa kanthawi. Bandulo ikatsala pang'ono kapena batire likufa magetsi atazima, sankhani magemu aafupi m'malo moyamba ya mphindi 30 yomwe simuimaliza. M'zokonda zanu yatsani chotsimikizira kugonja, chifukwa pa foni chala chimatha kuphonya. Dziwaninso kuti nthawi ya mnzanu ikatha, Chess.com imawerenga mapisi osakwana kupereka tchekimeti mosiyanako ndi FIDE: mukatsala ndi mfumu ndi hatchi yokha imapereka droo pomwe pabolodi mwina mukanapambana.

Gemu ikatha, ipendeni ndi injini (pulogalamu ya kompyuta yopenda tchesi), koma muziyang'ana malo amodzi: pozishoni yomwe munagonjera. Ngati injini ikuonetsa kuti mnzanu anali ndi muvu imodzi yokha yopambanira ndipo zina zonse zimakubwezerani m'gemu, munafulumira.

Ine ndi amene ndikupambana, koma mnzanga sakugonja. Nditani?

Musamuuze kanthu, ndi ufulu wake. Ntchito ndi yanu yomaliza. Sinthanani mapisi, sungani maponi. Tsekani kaye choopsezera chake musanathamangire tchekimeti, ndipo mfumu yanu ipatseni potulukira kuti ruku yake isakupheni pa mzere wakumbuyo. Kwini mmodzi akukwana; wachiwiri ndi wachitatu amangochulutsa mwayi wa stalemate, ndipo nthawi zina kulowetsa ruku m'malo mwa kwini ndiko kotetezeka. Muvu iliyonse yopanda tcheki musanaisewere, dzifunseni kuti ndikatere iye asuntha chiyani. Mukapanda kupeza yankho, bwezani dzanja musanagwire pisi, funani muvu ina.